Mbalule ya pa Bwalo: Kutamanda a Dennis Liwewe

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, zikopa zikungike. Matani phula pamimba pa mbalule. Mpanje ayambe, gunda avomere, amayi akonze kukhosi nthungululu zisatsamwe, pakuti amene tikumutchula lero si munthu wotchulidwa monong'ona. Tikutchula mwini mawu. Tikutchula a Dennis Liwewe, muulutsi wa mpira, kholingo la Zambia, lilime lofika pagolo mpira usanafike.

Inu Mbalule ya pa bwalo, yolankhula pamene zinzake zikungogunda. Inu Maso a amene sadafike kubwalo. Inu Msunga mayina. Inu Mdzutsa ogona, Mtontholetsa misika. Zaka ndi zaka mudatchula ana a eni, mmodzimmodzi, dzina ndi dzina, mpaka dziko lonse lidawasunga pamtima. Imeneyo ndi ngongole, ndipo lero tabwera kudzabweza.

Liwewe! Ng'oma ivomere. Liwewe!

Mwana wa 1936, wobadwa pa 10 Januwale m'dziko la nyanja, Malawi akadali Nyasaland, msonkho ukuthamangitsa amuna m'midzi. Ena adalowera ku Salisbury. Ena adalembetsa Wenela kukakumba golide ku Joni. Ena adaloza kumadzulo, kumigodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia, ndipo inu mudatsata njira imeneyo cha m'ma 1960, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikugwedezeka. Anzanu adanyamula mphamvu za m'mikono kukazigulitsa pansi pa nthaka. Inu mudanyamula cholembera, khutu ndi kholingo. Akulu adanena kale kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo a ku Zambia adakuwonerani kukuthwa kwake.

Inu Wodza ndi kalumo. Inu Mlendo wosanduka mwini mudzi. Inu Wowoloka malire wopanda katundu, wolemera m'kamwa. Pa 24 Okutobala 1964 mbendera ya atsamunda idatsika ku Lusaka, ya Zambia nikwera. Dziko latsopanolo lidali ndi mitundu yoposa 70, Abemba, Atonga, Alozi, Angoni, Achewa, Ansenga, Akaonde, Alunda, Aluvale, aliyense ndi chinenero chake ndi gule wake. Lidafuna chinthu chimodzi choti onsewa adzifuulira pamodzi. Chinthucho chidapezeka pabwalo la mpira, ndipo woti achifikitse m'nyumba iliyonse mudali inu.

Gundani, anyamata. Liwewe!

Musanakhale mawu mudali cholembera. Ku Chingola, pamgodi wa Nchanga, mudalemba nkhani m'nyuzipepala ya ogwira ntchito. Kumeneko mudaphunzira kuyang'ana munthu kumaso, kufunsa dzina lake kawiri, kulilemba molondola. M'mera mpoyamba. Wolemba amene salakwitsa dzina papepala sadzalipotoza pa maikolofoni. Ntchito ya kumigodi simudaitaye: mudakwera mpaka kukhala mkulu woyang'anira zofalitsa nkhani ku ZCCM, kampani yaikulu ya migodi ya mkuwa. Koma m'mitima ya anthu ofesi yanu idali ina, kachipinda ka pamwamba pa bwalo.

Mpira wa Zambia udaleredwa ndi migodi, ndipo inu mudakula nawo. Mgodi uliwonse udali ndi timu yake, timu iliyonse ndi bwalo lake, bwalo lililonse ndi fumbi lake. Ku Mufulira kudali Wanderers pa Shinde, kwawo kwa Samuel Zoom Ndhlovu wonyenga ndi mapazi. Ku Kitwe kudali Nkana ofiira ndi Power Dynamos pa Arthur Davies, anansi osapatsana moto tsiku la mpira. Ku Luanshya kudali Roan United pa Kafubu. Ku Chingola kwanuko kudali Nchanga Rangers. Ku Kabwe, mzinda wa njanji, kudali Warriors. Ku Ndola kudali bwalo la Dag Hammarskjöld, ku Lusaka kudali Independence. Inu Woyenda mabwalo onse. Inu Wodziwa kumene mphepo imachokera pa Shinde ndi kumene dzuwa limathobwa goloboyi pa Kafubu. Inu Mboni ya anyamata otuluka m'mgodi m'mawa, madzulo ali m'jezi.

Mpanje akweze. Liwewe!

Taonani bwalo lanu lenileni. Si la udzu ayi. Ndi khonde la nyumba ya kukomboni, Lamulungu masana. Wailesi yaikidwa pampando, mwini mpando wakhala pansi. Mabatire akhala akuwothera dzuwa padenga kuyambira m'mawa kuti apeze mphamvu zofikira kumapeto. Kamnyamata kapatsidwa ntchito yogwira eriyo, kauzidwa kuti kakasuntha kaona zakuda. Abambo azungulira, zipewa zili pamaondo. Mayi amene amapeta chimanga waima, lichero lili m'manja. Woyenda pamsewu wapatuka osaodira, ndipo palibe womufunsa kuti ndi wa kwa yani. Makutu a anthuwa adali atazolowera kale wailesi, chiyambire 1949 pamene kawailesi kotchipa kooneka ngati poto, Saucepan Special, kadayamba kulowa m'midzi ndi m'makomboni kutola mawu ochokera ku Lusaka. Makutu adalipo. Chimene chinkasowa ndi munthu wowasandutsa maso.

Kenaka mawu anu atuluka. Ayamba pansipansi, mpira uli kumbuyo, wotseka kumbuyo akuuponda, akuyang'ana. Mpira ukafika pakati mawu ayamba kuyenda ndawala. Ukapatsidwa kuphiko ayamba kuthamanga, dzina likuponda dzina linzake, mpweya osapuma, kholingo likukwera, likukwera, mpaka bambo uja wadzuka osadziwa kuti wadzuka, mwendo wake ukumenya mpira umene palibe. Ukonde ukagwedezeka, mawu anu ang'ambika pakati, ndipo komboni yonse iphulika nthawi imodzi, nyumba iyi, nyumba iyo, mpaka kutsidya kwa njanji. Agalu auwa. Nkhuku zibalalika. Kamnyamata kaja kataya eriyo, ndipo lero palibe wokakalipira.

Munkaulutsa m'Chingerezi, koma Chingerezicho chidagonja m'kamwa mwanu, chidavina gule wa kuno. Gogo amene sadapondeko m'kalasi ankadziwa kuti kwaopsa, ankadziwa kuti tapulumuka, ankadziwa kuti chalowa, pongomva kukwera ndi kutsika kwa mawu. Inu Womveka ndi osaphunzira. Inu Womanga bwalo pakhonde. Inu Wodzutsa mwendo wa nkhalamba.

Amayi, nthungululu! Liwewe!

Ena ankaganiza kuti ndi mphatso chabe, kuti munthu amangotsegula pakamwa mawu n'kumatuluka. Sadaone pepala lija. Mayina 22 olembedwa ndi dzanja, nambala pambali pa dzina lililonse, a kwathu uku, alendo uku. Sadakuoneni mukubwereza mayina a ku Cairo, a ku Kinshasa, a ku Accra, mpaka lilime litawazolowera, chifukwa mwana wa mwini, ngakhale ali mdani pabwalo, ali ndi mayi amene adamutcha dzinalo. Sadaone mahedifoni akufinya makutu, maikolofoni ili pamlomo, diso limodzi pampira, linzake pawotchi, thukuta likutsika m'khosi. Mphindi 90 munthu osakhala chete, pakuti pa wailesi muulutsi akakhala chete dziko lonse lachita khungu.

Sadaone maulendo. Timu ikapita kunja inu mudali m'mbuyo mwake, kukakhala pakati pa khamu la eni bwalo, anthu zikwizikwi akufuna timu yanu igwe, inu nokha mukufuulira kwanu. Mawu anu ankadzera pa lamya yokhosomola, kumazima, kumabwerera, ndipo ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama, ku Livingstone anthu ankagunditsa mitu pa wailesi kuti pasatayike ndi liwu limodzi. Kutsidya kwa malire, ku Mchinji ndi ku Kasungu, mlengalenga sudziwa chiphaso, ndipo kumenekonso mudali ndi omvera.

Kanema idafika ku Kitwe mu 1961, nkumafalikira pang'onopang'ono, nyumba imodzi mumzere wonse, ana a anansi atadzaza pazenera. Ena adati chithunzi chabwera, wofotokoza watha ntchito. Adanama. Nyumba youlutsa mawu idasintha dzina, ZBS nikhala ZNBC, makina adasintha, koma anthu ankafunabe inu. Pamene mawu anu adali pa kanema, chithunzi chidapeza moyo. Pamene mudali pa wailesi, anthu ankatsitsa mawu a kanema, nkuyatsa wailesi pambali pake, maso kuchithunzi, makutu kwa Liwewe. Chithunzi chimaonetsa munthu akuthamanga. Inu munkatiuza kuti ndi yani, wachokera kuti, ndipo wasenza chiyani pamapewa pake.

Inu Wosagonja kwa chithunzi. Inu Mwini pepala la mayina. Inu Mlendo wolimba mtima m'bwalo la eni. Gunda atsike, akwerenso. Liwewe!

Inu Mtcha mayina, amene mudaona timu ya dziko ilibe dzina loitanira nimuitcha KK Eleven, polemekeza a Kenneth Kaunda, mtsogoleri wokonda mpira, wobwera kubwalo ndi kansalu koyera m'manja. Dzinalo lidagwira, lidayenda Africa yense. Ndipo a Kaunda omwewo, mu 1977, adakuvekani mendulo ya Order of Distinguished Service, boma kuvomereza kuti kholingo nalonso limatumikira dziko.

M'kamwa mwanu mudakulira Godfrey Chitalu, Ucar, wotchedwa dzina la mabatire osatha msanga, amene mu 1972 adamwetsa zigoli 107 m'chaka chimodzi, atavala jezi ya Kabwe Warriors ndi ya dziko. Makamera a dziko lapansi sadabwere kudzajambula zigolizo. Zambiri mwa izo zidakhala m'makutu a anthu chifukwa padali wozinena. Patapita zaka 40, Lionel Messi atamwetsa zigoli 91 mu 2012 ndipo dziko lapansi likuti palibe adachitapo zotere, a ku Zambia adadzuka nati: ife tidali ndi Ucar. Adakumbuka chifukwa adamva. Kalowa m'khutu kayanza malo.

M'kamwa mwanu mudakulira gulu la 1974, lija lidapita ku Egypt koyamba ku mpikisano wa chikho cha Africa nkukafika mpaka kundime yomaliza. Emmanuel Mwape pagolo. Dickson Makwaza ndi Dick Chama kumbuyo. Bernard Chanda, Simon Kaushi, Brighton Sinyangwe kutsogolo. Ku Cairo adalimbana ndi Zaire mpaka 2-2, nthawi yowonjezera itatha, ndipo patapita masiku awiri adabwerezanso. Ndaye Mulamba, amene adagoletsa zonse ziwiri tsiku loyamba, adagoletsanso ziwiri, chikho nichipita ku Kinshasa. Kudali kugonja, koma inu mudaphunzitsa dziko kuti ogonja atamenya nkhondo yotere amalandiridwa ndi nyimbo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tchulani, ng'oma, tchulani. Zoom! Ucar! Makwaza! Chama! Ndipo wowatchula onsewo: Liwewe!

Inu Mwana wa nyumba ziwiri. Pamene Zambia inkakumana ndi Malawi, mchombo wanu udali mbali ina, maikolofoni mbali ina. Mu 1978 Malawi ya Kinnah Phiri idagonjetsa Zambia 3-2 m'ndime yomaliza ya chikho cha kummawa ndi pakati pa Africa. Mu 1984 Zambia idabweza pa mapenate ku Uganda. Mu 1988 Malawi idatenganso, 3-1. Abale awiri akulimbirana chikho, ndipo inu magazi a uyu, mawu a uyo. Mudasankha kutumikira dziko limene lidakulandirani, nimulitumikira ndi mtima wonse, koma ife a kunyanja tikamva dzina lanu tinkadziguguda pachifuwa, tikuti ameneyo ngwathu.

Mudaona mbadwo wachitatu ukuphuka. Pa 19 Sepitembala 1988, ku Gwangju, pa masewera a Olimpiki a ku South Korea, Zambia idakwapula Italy 4-0, Kalusha Bwalya ndi mwendo wake wamanzere akugoletsa zitatu. Chaka chomwecho Kalusha adasankhidwa kukhala katswiri wa mpira mu Africa yense. Mu 1990 Nkana idafika m'ndime yomaliza ya chikho cha akatswiri a Africa, nigwa pa mapenate kwa JS Kabylie ya ku Algeria. Mu 1991 Power Dynamos idabweretsa chikho china cha makalabu a mu Africa ku Kitwe itagonjetsa BCC Lions ya ku Nigeria. Mtengo wa mkuwa udali utagwa, ufa ukusowa, anthu akugona pamizere, koma panali chinthu chimodzi chosakwera mtengo: mawu anu Lamulungu masana.

Tsopano tsitsani manja, anyamata. Gunda yekha alankhule.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Pa 25 Epulo 1993 timu idapambana 3-0 ku Mauritius, Kelvin Mutale akugoletsa zonse zitatu. Idanyamuka ulendo wa ku Dakar kukakumana ndi Senegal, pofuna malo ku chikho cha dziko lonse cha 1994. Ndege idali ya asilikali, mtundu wa Buffalo, yoyenda moima-ima: Brazzaville, Libreville, kenaka Abidjan. Usiku wa pa 27 Epulo idanyamuka pa Libreville, injini ya kumanzere idagwira moto, ndipo idagwera m'nyanja ya Atlantic pafupi ndi gombe la Gabon. Anthu 30, osatsala ndi mmodzi yemwe. Osewera 18.

Inu amene munkawatchula akuthamanga, mudayenera kuwatchula atagona. Efford Chabala. Richard Mwanza. John Soko. Whiteson Changwe. Robert Watiyakeni. Eston Mulenga. Samuel Chomba. Winter Mumba. Kenan Simambe. Derby Makinka. Moses Chikwalakwala. Wisdom Mumba Chansa. Godfrey Kangwa. Numba Mwila. Moses Masuwa. Timothy Mwitwa. Patrick Banda. Kelvin Mutale. Aphunzitsi awo, Alex Chola ndi Godfrey Chitalu, Ucar yemwe uja. Mkulu wa bungwe la mpira, Michael Mwape. Dokotala, mtolankhani, akuluakulu ena, ndi asilikali asanu oyendetsa ndege.

Mabokosi adandanda pa bwalo la Independence, pa udzu womwe ankaseweramo. Kholingo limene lidapirira mphindi 90 maulendo osawerengeka lidasweka tsiku limenelo. Mudalira dziko likumva, ndipo simudabise. Bambo amene adaphunzitsidwa kuti mwamuna salira adamva Liwewe akulira, nayenso adamasula misozi. Maliro n'kulirana, ndipo inu mudatsogolera fuko lonse kulira monga mudalitsogolera kusangalala. Ana aja simudawadziwire papepala pokha. Mudakwera nawo ndege, mudadya nawo, ena mudawaona akuyamba, miyendo ili yowonda, jezi ikuwakulira. Adaikidwa kunja kwa mpanda wa bwalo, pamalo otchedwa Heroes' Acre, pamene chimkokomo cha ochemerera chimafika.

Inu Mkulu wa maliro a fuko. Inu Wolira poyera. Inu Wosataya dzina ndi limodzi lomwe m'nyanja.

Gunda, gunda, gunda. Mpanje alowe pang'onopang'ono.

Pasanathe masabata 10, pa 4 Julayi 1993, timu yatsopano idalowa m'bwalo lomwelo kukumana ndi Morocco. Adaitola m'matimu a m'dziko, nakaiphunzitsa ku Denmark, ndipo patsogolo pake padali Kalusha Bwalya, amene sadakwere ndege ija chifukwa ankachokera ku PSV Eindhoven pa ulendo wakewake. Morocco idayamba kugoletsa. Khamu lidatembenukira kumanda, kuitana ogona kunja kwa mpanda kuti adzuke athandize ana awo. Inu mudali pa maikolofoni, pakati pa amoyo ndi akufa, mukunyamula kulira kwa bwalo kukutula m'nyumba iliyonse. Kalusha adaika mpira pansi, naumenya wa firikiki, ukonde nugwedezeka. Johnson Bwalya, nayenso wotsala chifukwa ankasewera ku Switzerland, adawonjezera chachiwiri. Zambia 2, Morocco 1. Anthu adavina akulira, adalira akuvina, ndipo mawu anu, aja adasweka pamaliro, adalumikizika pamaso pa dziko.

Mu Okutobala, ku Casablanca, pankafunika kufanana mphamvu kokha kuti Zambia ipite ku chikho cha dziko lonse ku America. Morocco idagoletsa chimodzi, khomo nilitsekeka. Pa 10 Epulo 1994, ku Tunis, timu yomweyo, yosakwana chaka chibadwire, idafika m'ndime yomaliza ya chikho cha Africa. Elijah Litana adagoletsa ndi mutu masewero atangoyamba, Emmanuel Amunike adabweza ziwiri, Nigeria nitenga chikho. Kawiri pakhomo, 1974 ndi 1994, kawiri kubwerera chimanjamanja. Wina akadatopa. Inu simudatope kuuza achinyamata kuti chikho chili m'njira, kuti amene adagona ku Gabon sadafere chabe.

Inu Mlumikiza zosweka. Inu Wosatopa kudikira. Kwezani manja, anyamata, kwezani! Liwewe!

Ndipo Mulungu adakusungani kuti muone. Mudali ndi zaka 76 pamene Chipolopolo, dzina limene lidalowa m'malo mwa KK Eleven, idapita ku chikho cha Africa cha 2012. Idagonjetsa Senegal, timu yomwe ija a 1993 sadakafike kukakumana nayo. Idagonjetsa Sudan. Idagonjetsa Ghana ndi chigoli cha Emmanuel Mayuka, Kennedy Mweene atagwira penate ya Asamoah Gyan. Ndipo ndime yomaliza idali kuti? Ku Libreville. Anyamata adapita kugombe, mphunzitsi wawo Hervé Renard ndi Kalusha ali nawo, naponya maluwa m'madzi amene adameza akulu awo.

Pa 12 Febuluwale adakumana ndi Ivory Coast ya Didier Drogba ndi Yaya Touré, timu imene sidagoletsedwe ndi chigoli chimodzi chomwe mumpikisano wonsewo. Drogba adaponya penate kumwamba. Mphindi 120 zidatha opanda chigoli. Mapenate adayamba, uyu kugoletsa, uyo kugoletsa, anyamata a Zambia atakoleka mikono m'mapewa akuimba. Mweene adagwira ya Kolo Touré. Rainford Kalaba adaphonya. Gervinho adaponya kumwamba. Stoppila Sunzu adayenda kuchoka pakati pa bwalo, naika mpira, naumenya. 8-7! Renard adanyamula Joseph Musonda wovulala m'manja kuti akavine ndi anzake. Kaputeni Christopher Katongo adakweza chikho mumzinda womwe dziko lidataya ana ake pafupifupi zaka 19 m'mbuyomo.

Ambiri mwa anyamata amenewo adali ana aang'ono mu 1993. Adadziwa bwanji kuti ali ndi ngongole ku Libreville? Adakula akumva mayina. Chabala, Chansa, Makinka, Mwitwa, Mutale adali mayina a m'nyumba mwawo, otchulidwa ndi abambo awo, amene nawonso adawamva kwa inu. Zigoli adagoletsa ndi anyamata, koma chikumbumtima chimene chidawayendetsa chidaleredwa ndi kholingo lanu.

Nthungululu, amayi, nthungululu mpaka kukhosi kuwawe! Liwewe!

Pa 22 Epulo 2014, ku Lusaka, muli ndi zaka 78, mudatsikira kuli chete, kutatsala masiku asanu kuti dziko likumbukire ana a ku Gabon, m'chaka chimene Zambia inkakwanitsa zaka 50 za ufulu. Mudaiona ikubadwa, mudaiona ikulira, mudaiona itasenza chikho. Mudasiya mwana wanu Ponga Liwewe ali m'ntchito ya mpira, naye wolankhula pa maikolofoni, amene pambuyo pake adatumikiranso bungwe la mpira la dziko. Mudasiyanso ana ena osawerengeka amene simudawabale: aliyense amene adagwirapo chitsononkho pakamwa ali mwana, nkumaulutsa mpira wa chikulunga pafumbi, akukweza mawu monga Liwewe.

Tsono inu aulutsi a lero, a ku Lusaka ndi ku Kitwe, a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, inu okhala ndi makamera khumi ndi intaneti m'manja, imvani chimene ng'oma ikunena. Fikani kubwalo msanga. Lembani mayina ndi dzanja lanu. Funsani mnyamata wa timu yaing'ono kuti dzina lake limatchulidwa bwanji, ndipo mulitchule monga amatchulira amayi ake. Musadziwe ana a ku Manchester ndi ku Madrid okha, pamene wa ku Chililabombwe ndi wa ku Dwangwa mukumutcha nambala seveni. Kumbukirani wakhungu amene ali pakhonde, mlonda amene ali pageti, dalaivala amene ali pamsewu, mayi amene ali kuchipatala ndi kawailesi pansi pa pilo: onsewo alibe maso pabwalo koma inu. Timu ikapambana kondwani osachita manyazi. Ikagonja musaitaye. Ndipo inu osunga nyumba zoulutsira mawu, fukulani matepi a mkuluyu, muwapukute fumbi, muwaike pamene adzukulu angawamve, kuti asadzangomva kuti kudali munthu, koma adzamve munthuyo.

Imirirani nonse tsopano. A ku Chingola imirirani. A ku Mufulira, a ku Kabwe, a ku Chipata imirirani. A kunyanja kumene adachokera imirirani. Woyimbira waika wenzulo pakamwa, matimu afola, ana ena 22 akudikira woti awatchule. Womanga bwalo pakhonde! Mtcha mayina! Wolira poyera! Mlumikiza zosweka! Mwana wa nyumba ziwiri! Dennis, mwana wa a Liwewe! Menyani zonse pamodzi, anyamata, manja atupe, fumbi likwere, mpira uyambe!